Chiwongolero cha Land Cruiser 80 chikusewera ndipo kutsogolo kukunjenjemera: ndiyambire pati?

Mlimi wa ku Ntchisi:

Akuluakulu, ndakupezani ndi vuto la galimoto yanga, ndipo ndikupempha kuti amene mumazidziwa bwino galimoto zakalezi mundiunikire ndisanawonongenso ndalama zina. Galimotoyo ndi Toyota Land Cruiser 80 ya chaka cha 1996, ya injini ya dizilo ya 1HZ, ndipo yayenda makilomita opitirira 400,000. Ndinaigula kwa munthu zaka zinayi zapitazo. Ndimanyamulira feteleza, soya ndi mtedza pakati pa kumunda ndi Mponela, komanso ndi yomwe timathamangira nayo kuchipatala nyengo ya dzinja, pamene galimoto zing'onozing'ono zimalephera kufika kumudzi kwathu.

Vuto lili pawiri. Choyamba, chiwongolero chikusewera kwambiri, moti ndimachipotoza pafupifupi kutalika kwa chikhatho changa matayala asanayambe n'komwe kutembenuka, ndipo ndikalowa pa phula galimoto imapita uku ndi uku ngati ng'ombe yosazolowera goli, kotero kuti manja sapuma. Chachiwiri, chomwe chikundiopsa kwambiri, n'chakuti ndikagunda dzenje ndili pa liwiro la makilomita 70 kapena 80 pa ola, kutsogolo konse kumayamba kunjenjemera mwamphamvu, ndipo sikusiya mpaka nditachepetsa liwiro ngati ndikufuna kuima. Mwezi wathawu makaniki wina anandiuza kuti ndisinthe mashoko akutsogolo ndi damper, shoko yopingasa ya chiwongolero. Ndinasintha zonsezo, zinthu zinakhalako bwino kwa masabata atatu, koma tsopano zabwereranso monga kale.

Wophunzira umakaniki wa ku Lilongwe:

Bambo, pamwamba pa bokosi la chiwongolero, lomwe limapereka mphamvu ya chiwongolero ku matayala, pali kabawuti kokungira komwe kamagwidwa ndi nati. Mukamasula natiyo n'kulowetsa kabawutiko pang'ono, kusewera kwa chiwongolero kumachepa nthawi yomweyo. Ndaonapo zikuchitika kugalaja komwe ndikuphunzira, ndipo ntchitoyo sitenga ngakhale mphindi khumi.

Makaniki wa ku Mzuzu:

Mng'ono wanga, kabawuti ukunenako kalipodi, koma ndikupempha kuti bambowa asakakhudze kaye. M'kati mwa bokosi muli mano achitsulo omwe amatha kwambiri pakati, chifukwa galimoto imakhala nthawi yaitali ikuyenda molunjika. Munthu akakunga kabawutiko mopitiriza, mano aja amapanikizana, chiwongolero chimauma, ndipo chimasiya kubwerera chokha pakati mukamaliza kukhota. Galimoto yotere imavuta kuiyendetsa kuposa yomwe chiwongolero chake chikusewera, ndipo bokosilo limatha msanga. Pa galimoto khumi zomwe zimabwera kwa ine ndi dandaulo ngati ili, zambiri vuto lake silikhala m'bokosimo ayi.

Achimwene a ku Ntchisi, musanagule kanthu kena kalikonse, pezani mnzanu mmodzi ndi tochi yowala bwino. Imikani galimoto pamalo olimba ndi osalala, matayala onse ali pansi ndipo akutsogolo alunjika, mumange handibuleki ndi kuika miyala kumatayala akumbuyo. Musaikweze pa jeke pa gawo limeneli, chifukwa kulemera kwa galimoto ndi kumene kumagwira matayala kuti chilichonse chokhwepa chionekere. Mnzanuyo akhale pampando wa dalaivala azigwedeza chiwongolero kumanzere ndi kumanja mofulumira koma pang'onopang'ono, osachizunguliza kwambiri, inu muli pansi kutsogolo mukutsatira mphamvuyo kuchokera kumene ikuyambira mpaka kumene ikuthera.

Muyambire pa chitsulo chotsika kuchokera ku chiwongolero kukalowa m'bokosi, muone ngati kajointi kake sikakugwedera. Kenaka muyang'ane bokosi lenilenilo, makamaka pamene lamangidwa ku chasisi. Pa Land Cruiser 80 chasisi imakonda kung'aluka pozungulira mabawuti a bokosi ndiponso pafupi ndi pomwe pagwira panhard rod, chitsulo chopingasa cholumikiza chasisi ndi ekiselo, ndiye mutsuke matope onse pamenepo muone ngati palibe kamzere ka dzimbiri lofiira, pakuti mng'alu umadziulula motero. Mukatero muone mkono wotuluka kunsi kwa bokosi, womwe timautchula pitman arm: chitsulo cholowa m'bokosi chikayenda, mkonowo uyenera kuyankha nthawi yomweyo. Kuchokera pa mkonowo pali drag link yomwe imadutsa kutsogolo kwa ekiselo kupita ku gudumu lakumanzere, ndipo kumbuyo kwa ekiselo kuli tie rod yolumikiza magudumu awiriwo. Zitsulo ziwirizi zili ndi majointi anayi. Gwirani jointi iliyonse ndi dzanja mnzanuyo akugwedeza, chifukwa nthawi zambiri dzanja limamva kugunda kumene diso silikuona.

Pomaliza muyang'anitsitse panhard rod, chitsulo chopingasa chomwe mbali imodzi chagwira chasisi, mbali ina chagwira ekiselo. Galimoto yanu ili ndi masipuling'i ozungulira, osati amasamba ngati a Hilux yakale, choncho chitsulo chimenechi ndi chokhacho chomwe chimaletsa ekiselo kusunthira kumbali. Mukaona thupi la galimoto likusunthira kumbali pamwamba pa ekiselo matayala asanatembenuke, dziwani kuti mabushi a panhard atha kapena bawuti lake lakulitsa bowo. Kunjenjemera mukufotokozaku ine ndimayamba kukufunafuna pamenepo.

Dalaivala wopuma ntchito wa ku Rumphi:

Ndikugwirizana ndi a makaniki a ku Mzuzu, ndipo ndikufuna kuwonjezera chinthu chimodzi chomwe ndinachiona ndi maso anga m'zaka zomwe ndinkayendetsa ambulansi m'misewu ya ku Nyika ndi ku Gorodi, msewu wokhotakhota wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba. Kunsi kwa knuckle iliyonse, chitsulo chachikulu chomwe chimatembenuka pamodzi ndi gudumu, kuli mkono wa chiwongolero womangidwa ndi manati anayi. Manati amenewa amamasuka pang'onopang'ono m'misewu ya mabampu, makamaka kumanzere pa galimoto zathu za chiwongolero chakumanja, popeza mbali imeneyo ndi yomwe imalandira drag link ndi tie rod pamodzi. Tsiku lina ndikutsika phiri ndinamva chiwongolero chikupepuka mwachilendo, ndipo nditaima ndinapeza kuti mwa mabawuti anayi aja limodzi laduka, awiri amasuka, latsala limodzi lokha logwira. Ndinali ndi mayi woyembekezera m'galimotomo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe. Mkono umenewo ndi womwenso umagwira bering'i yapansi ya knuckle, ndiye ukachoka gudumu limagona ndipo dalaivala sangachitenso kanthu.

Chonde achimwene, manati asanu ndi atatu amenewo muwayese ndi sipanala lero lomwe, galimoto isananyamulenso munthu. Pa damper ija musadandaule kwambiri kuti munataya ndalama, chifukwa yakaleyo mwina inali itathadi, koma dziwani kuti ntchito yake ndi kufewetsa kugunda kofika m'manja mwa dalaivala basi. Damper yatsopano imabisa kunjenjemera kwa kanthawi, kenaka nayonso imatopa chifukwa ikulimbana ndi vuto lomwe si lake, n'chifukwa chake mwaona mtendere wa masabata atatu okha.

Mayi woyendetsa alendo ku Liwonde:

Bambo a ku Ntchisi, ndifunseko mafunso awiri. Kodi matayala akutsogolo ndi amtundu umodzi ndi msinkhu umodzi, ndipo munawagula atsopano kapena a kaunjika? Nanga galimotoyo inakwezedwapo ndi masipuling'i aatali? Ndikufunsa chifukwa Land Cruiser yathu yonyamula alendo inkanjenjemera pa liwiro lomwelo, ndipo mbali ina ya vutolo inali tayala lomwe mawaya ake am'kati anali atalekana, moti linali ndi chotupa chosaoneka galimoto ikaima. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, mwachitsanzo 2316 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2016, ndipo matayala ambiri a kaunjika amaoneka abwino pamene mphira wake unakalamba kalekale. Musaiwalenso matope ouma m'kati mwa rimu, pakuti dothi la katondo likamatirira mbali imodzi limalemera mokwanira kusokoneza balansi ya gudumu.

Mlimi wa ku Ntchisi:

Zikomo kwambiri nonse. Mayi, matayala akutsogolo ndi amtundu umodzi, ndinawagula atsopano chaka chatha, koma lakumanzere likutha m'mphepete mwakunja mofulumira kuposa linzake. Za kukwezedwa, mwini wake woyamba anandiuza kuti anaikamo masipuling'i aatali kuti isamakhule pansi, ndipo ikaima pafupi ndi inzake imaonekadi yaitali ndi masentimita asanu kapena kuposerapo.

Madzulo ano ndachita monga a makaniki ananenera, mwana wanga wamkulu ali pa chiwongolero. Ndapeza zinthu zitatu. Jointi ya drag link yomwe ili ku pitman arm ikudumpha moonekeratu, ndipo mphira wake wotchinga fumbi unang'ambika. Panhard rod ikusuntha kumbali ya chasisi, moti ndimamva kugunda ndikaikapo dzanja. Ndiponso, a dalaivala a ku Rumphi, Mulungu akudalitseni, chifukwa manati awiri akunsi kwa knuckle yakumanzere anatembenuka mosavuta nditangoikapo sipanala. Ndawakunga onse ndipo galimoto ndaiimika. Mng'alu pa chasisi sindinauone ngakhale ndatsuka bwinobwino. China chomwe ndaona n'chakuti kuseri kwa gudumu lakumanzere, pa chitsulo chobulungira ngati mpira chija, pali girizi wamadzimadzi wakuda yemwe akuyenderera mpaka pa tayala, pamene kumanja kuli kouma.

Makaniki wa ku Mzuzu:

Mwagwira ntchito yabwino, achimwene, ndipo mwaona nokha kuti bokosi lija tikanaliimba mlandu wosalakwa. Tsopano mutha kuikweza. Ikani jeke pansi pa ekiselo, ndipo mukakweza muikepo zochirikiza zachitsulo kapena zipika zolimba za mtengo, osati njerwa, chifukwa njerwa imaphwanyika mosachenjeza ndipo galimoto imeneyi imalemera matani opitirira awiri. Gwirani tayala kumwamba ndi kunsi, mulikankhe ndi kulikoka mwamphamvu. Mukamva kugwedera, mwana wanu aponde buleki n'kugwiritsa, inu muyesenso. Kugwedera kukatha buleki itapondedwa, ndiye kuti ndi mabering'i a gudumu omwe akhwepa, ndipo amenewo amakungidwa ndi manati awiri akuluakulu a m'kati mwa habu omwe amafuna soketi ya mamilimita 54. Koma kukapitirira buleki ili chipondere, vuto lili pa mabering'i a kingpin, awiri aja omwe knuckle imazungulirapo, wina pamwamba wina pansi.

Girizi wamadzimadzi mwamuonayo akutiuza nkhani ina. M'kati mwa mpira uja muli jointi ya CV, yomwe ena amaitchula birfield, ndipo imasambira mu girizi wakuda wa moly. Pakati pa girizi ameneyo ndi oyilo wa difu pali silu imodzi yokha, kamphira kotchinga oyilo. Silu imeneyo ikatha, oyilo amalowa n'kusungunula girizi, phala lakelo limatulukira kunja, ndipo mabering'i a kingpin amatsala ouma. Choipa china n'chakuti bering'i ya kingpin sizungulira ngati ya gudumu, imangopita uku ndi uku pamalo amodzi, motero timagudumu take timakumba tinjira m'mbale yake. Mukachotsa tie rod ndi drag link n'kutembenuza knuckle ndi manja, mudzamva ikukodwa pakati ngati ikudumpha kanthu. Galimoto ya makilomita 400,000 yomwe simukudziwa kuti knuckle zake zinatsegulidwa liti, ine ndingatsegule mbali zonse ziwiri, ndisinthe masilu, mabering'i a kingpin ndi zotchinga fumbi zakuseri. Pobwezera, kulimba kwa mabering'iwo kumasinthidwa ndi timawashala topyapyala toikidwa pansi pa chivindikiro chapamwamba, ndipo kumayezedwa pokoka mkono wa knuckle ndi sikelo ya sipuling'i, yonga ija amayezera nyama kumsika. Wina akakuuzani kuti amangoyeza ndi dzanja, mupemphe kuti apeze sikelo ndi buku la galimotoyo.

Muone bwino mpweya wa difu, ndikutanthauza kapaipi kopumira kali pamwamba pa ekiselo. Kakatsekeka ndi matope, difu ikatentha mphamvu ya mpweya imakankhira oyilo kudutsa silu, ndipo ngakhale mutaika silu yatsopano idzachuchanso.

Wa ku Johannesburg:

Moni kumudzi. Ine ndimagwira ntchito pa galaja yokonza galimoto za m'tchire kuno ku Joni, ndipo ndikufuna ndilankhulepo pa funso la mayi a ku Liwonde la masipuling'i, chifukwa likhoza kutsala osayankhidwa pamene ndi lofunika. Ekiselo ya kutsogolo ya 80 imagwidwa ndi mikono iwiri yaitali yochokera ku chasisi, ma radius arm. Mukakweza galimoto, mikono imeneyi imatsika mopendekeka ndipo imapotoza ekiselo, kotero kuti caster imachepa. Caster ndi kupendekera kumbuyo kwa mzere womwe gudumu limatembenukirapo. Taganizirani foloko ya njinga ya kabaza: inapendekera kumbuyo, n'chifukwa chake njinga imatha kuyenda molunjika ngakhale wokwera atasiya zigwiriro. Foloko ija itaimitsidwa chilili, njingayo ingamangopepeluka. Galimotoyi inachoka ku fakitale ndi caster ya madigiri pafupifupi atatu, ndipo ikakwezedwa ndi masentimita asanu popanda kukonza china chilichonse, gawo lalikulu la madigiri amenewo limatayika.

Ndiye bambo, ngakhale mutasintha majointi onse, mwina mudzapeza kuti galimoto ikuyendabe uku ndi uku pa phula. Mankhwala ake ndi mabushi apadera a radius arm omwe bowo lake silili pakati, omwe amabwezera ekiselo m'malo mwake, kapena kubwerera ku masipuling'i a msinkhu wa fakitale. Popeza mabushi a mikono imeneyo mwina athanso, muwayese polowetsa mgwala pakati pa mkono ndi ekiselo, muone ngati mphira wake sunalekane ndi chitsulo.

Makaniki wa ku Mzuzu:

Achimwene a ku Joni anena zoona pa caster, koma pa mabushi apaderawo ine ndili ndi maganizo osiyana pang'ono. Ambiri mwa mabushi amenewo ndi a pulasitiki wolimba uja wotchedwa polyurethane, ndipo popeza bowo lili kumbali, mbali imodzi imakhala yopyapyala. M'misewu ya kwathu kuno, galimoto yonyamula matumba a soya tsiku ndi tsiku imawamaliza msanga, ndiponso kuwalowetsa kumafuna puresi ndi munthu wodziwa kuwalunjikitsa, apo ayi mbali ziwirizo zimasiyana. Kwa mlimi yemwe alibe matayala akuluakulu, ine ndingasankhe masipuling'i a msinkhu wa fakitale kutsogolo ndi mabushi wamba a mphira. Koma zimenezi zibwere pambuyo. Akonze kaye zomwe zikugwedera, kenaka akayezetse pa makina a alayinimenti, manambala akatuluka m'pamene tidzadziwe ngati caster yatsikadi kwambiri.

Wa ku Johannesburg:

Sindikutsutsa, akuluakulu, pakuti misewu ya ku Ntchisi mukuidziwa ndinu kuposa ine amene ndachoka kalekale. Ndingowonjezera kuti akamagula majointi asamale, chifukwa m'mashopu muli ambiri okhala m'mabokosi okongola koma chitsulo chake n'chofewa. Agule a Toyota enieni kapena a kampani yodziwika ya ku Japan, ndipo atenge jointi yakaleyo popita kukagula, popeza ena mazinga ake amamangira kumanja, ena kumanzere. Nati ya jointi iliyonse itsekedwe ndi split pin yatsopano, osati msomali wopinda. Mabushi osema kuchokera ku tayala lakale akhoza kukufikitsani kunyumba mukavutika panjira, koma pa panhard rod asakhalitsepo.

Wophunzira umakaniki wa ku Lilongwe:

Ndathokoza pondiwongolera, akuluakulu, ndaphunzirapo zambiri. Ndifunseko: nanga kabawuti ka pabokosi kaja kamakhudzidwa liti, ndipo munthu amadziwa bwanji kuti wakunga mokwanira?

Makaniki wa ku Mzuzu:

Funso labwino, mng'ono wanga. Kamakhudzidwa pamene zina zonse zakonzedwa, ndipo ukuona ndi maso kuti chitsulo cholowa m'bokosi chikuyenda koma pitman arm ikuchedwa kuyankha. Uyeze kusewerako m'mphepete mwa chiwongolero, injini ikulira ndipo matayala alunjika: masentimita atatu kapena anayi n'zovomerezeka pa bokosi la mtundu umenewu, chifukwa silingafanane ndi chiwongolero cha galimoto yaing'ono ya m'tauni. Ngati kwapitirira pamenepo, uike chizindikiro pa kabawutiko, ukalowetse pang'ono kwambiri, osafika ngakhale kota ya kuzungulira kumodzi, umange nati uli chigwirire kabawutiko, kenaka ukweze kutsogolo ndi kuzunguliza chiwongolero kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Ukamva kuuma podutsa pakati, wapitiriza, ubwezere. Ngati pitman arm ikugwedezeka pamodzi ndi shafiti yake mopita m'mbali, kapena oyilo wofiira akudontha kunsi kwa bokosi, kabawuti sikangathandize, bokosilo likufunika kulimasula lonse.

Mlimi wa ku Ntchisi:

Akuluakulu, ndabweranso patatha masabata awiri kuti ndikuuzeni momwe zayendera. Titakweza galimoto, gudumu lakumanzere linkagwederabe buleki itapondedwa, ndipo titatsegula knuckle tinapeza bering'i yapansi ya kingpin ili ndi dzimbiri, mbale yake itakumbika tinjira monga munanenera. Limodzi mwa mabawuti anayi aja linali litapindika, ndiye tinasintha onse anayi pamodzi ndi mawashala ake osongoka. Tatsegula mbali zonse ziwiri, taika masilu atsopano, majointi onse anayi, ndi mabushi a panhard, ndipo kapaipi kopumira ka difu kanali katatsekekadi ndi dothi. Mabawuti a mabushi tinawamaliza kukunga galimoto itatsitsidwa pansi, malinga ndi langizo la makaniki yemwe anandithandiza, kuti mphira usakhale wopotoka.

Kunjenjemera kwatheratu. Ndadutsa pa maenje omwewo a pa msewu wa M1 omwe ankandiopsa aja, ndipo chiwongolero chimangogunda kamodzi n'kukhazikika. Kusewera kwatsika kufika pa masentimita atatu, bokosi osalikhudza n'komwe. Ku Lilongwe anakonza kulunjika kwa matayala, omwe anali atapanikizana kwambiri kutsogolo, ndipo pepala lawo likusonyeza kuti caster ili pansi pa digiri imodzi mbali zonse ziwiri. Pa liwiro la makilomita 90 galimoto ikufunabe kuiwongolera pafupipafupi, ngakhale si monga kale. Ndaganiza zotsata malangizo a masipuling'i a msinkhu wa fakitale ndikagulitsa soya.

Dalaivala wopuma ntchito wa ku Rumphi:

Nkhani imeneyi yandisangalatsa kwambiri, achimwene. Mukayenda makilomita mazana angapo, muyesenso manati asanu ndi atatu aja ndi sipanala, chifukwa mawashala atsopano amakhazikika ndipo manati amatha kukhwepa pang'ono. Mugwirenso mahabu ndi dzanja mukafika ku Mponela, ndipo ngati imodzi yatentha kuposa inzake, mwina mabering'i a gudumu limenelo akungidwa mopitiriza. Mukadzasintha masipuling'i akutsogolo, muonenso akumbuyo kuti galimoto isakhale yoweramira kutsogolo, ndipo mudzabwerere pa makina aja kuti tidzaone manambala atsopano a caster.